Kodi Kuumba Mbiya Tinaphunzira Kuti?

Munthu wa mu Chipata akafuna kuphunzira kusoka amadziwa khomo logogoda. Akafuna ukalipentala, kuocherera zitsulo kapena kuyendetsa galimoto, aphunzitsi ali mbwee kucokera ku Kapata mpaka ku Mchini. Koma afunse kumene angaphunzire kuumba mtsuko, anthu adzayang'anizana, kenako wina adzati, "Kafunseni kumudzi, kapena agogo ena akalipo." Mitsuko ndi miphika ya dothi timaionabe pa msika, itakhala pambali pa mapoto onyezimira ndi zigubu za pulasitiki, ndipo timagula osafunsa za dzanja limene linaumba. Lero tifuna kulondola dzanja limenelo, tione kumene linaphunzira, ndi cifukwa cake luso lake lakhala m'dziko lino nthawi yaitali kuposa ufumu uliwonse umene timaudziwa.

Tiyambire pansi pa nthaka. Alimi a kuno amadziwa kuti khasu likalowa m'munda wa pa bwinja limatukula mapale. Nyumba ya mitengo ndi udzu imagwa, mphasa imadyewa ndi ciswe, mkondo umatha ndi dzimbiri, koma dothi likapsa pa moto siliola. N'cifukwa cake akatswiri ofukula zakale amawerenga mapale monga ife timawerengera makalata. Mmodzi wa iwo, David Phillipson, anayenda kwambiri m'cigawo cino m'zaka za m'ma 1960 ndi kuciyambi kwa m'ma 1970, ndipo zimene anapeza anazilemba m'buku la mu 1976 lochedwa The Prehistory of Eastern Zambia. Pa malo ochedwa Kamnama, kumpoto kwa Chipata pafupi ndi malire a Malawi, anafukula bwinja la mudzi wa anthu odziwa kusungunula citsulo, amene anakhalapo pakati pa caka ca 200 ndi 500 Yesu atabadwa. Mapale ao ndi ocindikala, a milomo yonenepa, okhala ndi mizere ndi timadontho ca kukhosi. Amafanana ndi a ku Nkope, kumwera kwa nyanja ya Malawi. Apa tiona kuti zaka zoposa 1,500 zapitazo, pa mapiri omwewa, munthu anali kale kukanya dothi, ndipo wina anali kumuyang'anitsitsa kuti naye adziwe.

Alimi amenewo sanapeze dziko lopanda anthu. M'mapanga a Thandwe, Makwe ndi Kalemba munali alenje ogwiritsa nchito zida za miyala, aja makolo athu anali kuwachula Akafula. Phillipson anapeza kuti alenjewa anapitiriza kusema miyala yao kwa zaka mazana ambiri alimi atafika, koma pakati pa miyalayo panali kupezeka mapale. Cioneka kuti mphika unali kukwera phiri mosinthana ndi nyama kapena uci. Asanabwere Aluya ndi mikanda yao, mphika unali kale katundu wa malonda pakati pa anthu a zinenero zosiyana.

Pali cina codabwitsa m'mbiri imeneyi. Mbiya zonse zoyambirira za mtundu uwu, zopezeka kucokera kum'mawa kwa Africa mpaka ku South Africa, akatswiri anazipatsa dzina limodzi lakuti Chifumbaze. Limeneli ndi dzina la phanga la m'cigawo ca Tete ku Mozambique, tsidya lina la malire athu. Amene anafukula phangalo mu 1907 ndi Carl Wiese, Mjeremani wogula minyanga ya njovu, yemwe uja anakhala kwa Mpezeni natenga kwa iye pepala la malo mu 1891. Pepala limenelo ndilo linatsegulira njira kampani ya North Charterland, imene inadzatenga minda yabwino ya dera lino. Munthu mmodzi yemweyo anathandizira kuti nthaka itipulumuke, ndiponso anayamba kuvundukula mbiri yogona m'nthakamo.

Ca m'ma 1000 mpaka 1100, mapale a kuno asintha nkhope. Miphika ikhala yopyapyala, ya khosi looneka bwino, pabweranso mbale zosazama, ndipo zokongoletsa zake ndi timadontho todinda ndi kanthu konga cipeso, tozungulira paphewa. Phillipson anacha kaumbidwe aka ndi dzina la mtsinje wa Luangwa. Cimene cinamugwira mtima n'cakuti kaumbidweka sikanathere m'mabwinja: anakapeza kakali moyo m'manja mwa Acewa, Ansenga, Abisa, Alala ndi Abemba a m'nthawi yake. Anaonanso kuti konse kumeneku oumba ndi akazi, pamene kumadzulo kwa Zambia, ku mbiya zimene anazicha za Lungwebungu, oumba ndi amuna. Motero mtsuko umene tigula lero uli ndi cibale ca zaka pafupifupi 1,000 ndi phale la m'munda.

Cinasunga kaumbidwe kamodzi nthawi yonseyi n'ciani? Ife tiganiza kuti yankho lili m'mwambo wa cikamwini. Kwa Acewa ndi Ansenga, mtsikana anali kubadwa, kukula, kukwatiwa ndi kubala ali pa mudzi wa amake. Wobwera anali mwamuna. Ndiye dzenje la mtapo limene agogo anatapamo ndi lomwelo limene mdzukulu anali kudzatapamo, ndipo khosi la mtsuko limene mai anazolowera ndi lomwelo mwana anali kutengera. Mafumu anali kusamuka. Kalonga anakhala ku Mankhamba pafupi ndi Mtakataka, Undi anapatuka nakamanga likulu lake ku Mano, koma akazi anayenda ndi luso lao m'zala. Yusuf Juwayeyi atafukula ku Mankhamba anapeza mikanda ya galasi yocokera kutsidya la nyanja yaikulu, ngakhale tizidutswa ta mbale za ku China, koma zimene zinacuruka koposa zinali mapale a miphika ya komweko. Likulu lodziwa malonda a kutali linali kudyabe m'miphika ya amai a pamudzi.

Tsopano tilowe m'sukulu yeniyeniyo. Inalibe belu, inalibe mpanda. Inali kutsegulidwa m'cilimwe, anthu atakolola, mvula itasiya kuopseza miphika yaiwisi. Phunziro loyamba linali kudziwa dothi. Si dothi lonse limaumbika: la mtapo limapezeka m'mphepete mwa madambo, m'magombe a mitsinje, kwina m'tsinde mwa culu, ndipo woumba wodziwa amalizindikira polifinya m'dzanja ndi kulipinda kuti aone ngati lithyoka. Ku mtapo kunali malamulo ake. Akuluakulu anali kunena kuti wopitako akhale wozizira. Wapakati ndi amene ali kumwezi anali kuletsedwa m'midzi yambiri, poopa kuti miphika idzasweka pa moto. Wina angaseke malamulowa lero, koma anali kupatsa dzenjelo ulemu, kotero kuti silinali malo oti aliyense akumbe mmene afunira.

Dothi likafika pakhomo linali kunyikidwa, kusinjidwa, ndi kucotsedwa timiyala ndi timizu kamodzikamodzi. Nchito yotopetsa imeneyi ndiyo inali ya wophunzira, ndipo inali ndi cifukwa: kamwala kamodzi kotsala kangang'ambe mbiya yonse. Dothi likakhala lonona kwambiri anali kuthiramo mcenga kapena mapale akale opera, kuti lipume bwino pouma ndi pa moto. Taonani pamenepa: mphika wa agogo wosweka unali kulowa m'thupi la mphika wa mdzukulu.

Pa kuumba penipeni panalibe gudumu lozungulira monga timaona pa kanema. Woumba anali kuika mbulumbwa ya dothi pa phale lalikulu, kuiboola pakati ndi cibakera, ndi kukoka zipupa m'mwamba, dzanja lina mkati lina kunja. Dothi likacepa anali kupota lina ngati cingwe ndi kulisanjika pamwamba, mzere ndi mzere. Phale la pansi ndilo linali kuzunguzidwa. Ikakhala mbiya yaikulu ya mowa, woumba mwini ndiye anali kuizungulira cowerama. Citsononkho ca cimanga cinali kusalaza kunja, cigoba kapena cibanthu ca cikho cinali kupala mkati, kansanza konyowa kanali kukonza mlomo. Mphika ukayamba kulimba anali kuudinda zokongoletsa ndi kuukulungiza ndi nsangalabwi mpaka uwale. Zida zonsezi n'zotola pabwalo. Codula cinali diso lodziwa kuti cipupa cafika pocindikala poyenera, ndipo diso limenelo silibwera caka cimodzi.

Pambuyo pake panali kudikira. Miphika inali kuuma pamthunzi, kutali ndi mphepo, masiku ambiri, cifukwa wouma mothamanga umang'aluka. Tsiku loocha linali la gulu. Akazi angapo anali kusonkhanitsa miphika yao, kuisanja pa nkhuni, kuifunda makungwa ouma ndi udzu, ndi kuyatsa madzulo mphepo itagona. Moto wa pabwalo wotere umafika pakati pa madigiri 600 ndi 900, ndipo kutentha kumeneko kumacotsa madzi omangika mkati mwa dothi kotero kuti silingasungunukenso. Mphika wokhala ndi cinyezi umaphulika ngati mfuti, ndipo aliyense pamenepo anali kudziwa kuti ndi wa yani. Ikali yotentha anali kuitulutsa ndi mitengo yaitali ndi kuiwaza madzi a makungwa, amene amasiya mawanga akuda ndi kutseka timabowo. Womaliza anali kuugogoda ndi cala: wakupsa bwino umalira ngati belu, wa mng'alu umayankha mogonthera. Mphika watsopano unali kuyamba waphikidwamo phala la gaga usanalandire ndiwo.

Mwana anali kulowa m'sukuluyi osadziwa kuti walowa. Atsikana anali kuumba timiphika ta masanje pambali pa amao, anyamata naumba ng'ombe zao ku dambo. Wosonyeza dzanja labwino anali kupatsidwa kamphika ka ndiwo, kenako nkhali ya nsima, kenako mtsuko. Mbiya ya mowa inali ya nchembere zokhwima. Si mkazi aliyense anali woumba. Pamudzi panali kukhala awiri kapena atatu odziwika, ndipo malipiro ao kawirikawiri anali mapira kapena cimanga codzaza mphika womwewo. Dothi linali kuphunzitsanso zina zoposa kuphika: ku cinamwali anamkungwi ali ndi zoumba zao zolangizira, zimene si zokambira pano. Ku kacisi mphika unali kulandira nsembe ya mowa popempha mvula, ndipo ku manda unali kuperekeza mwini wake. Munthu anali kusambitsidwa m'phale tsiku lobadwa, ndi kusiyiridwa mphika tsiku lomaliza.

Umboni woti sukuluyi inali yolimba tiupeza pa kubwera kwa Angoni. Anaoloka Zambezi mu November 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, tsiku limene dzuwa linada, ndipo ca m'ma 1870 Mpezeni anadzakhazikika m'dera lino. Anagonjetsa midzi, anabweretsa zishango, ng'ombe za malowolo ndi ufumu wotsata kwa atate. Koma akazi ambiri a m'midzi yao anali Ansenga ndi Acewa otengedwa pa nkhondo. Ana anayamwa cinenero ca amao, n'cifukwa cake Angoni a Mpezeni lero alankhula cofanana ndi Cinsenga, Cingoni cakale citatsalira m'nyimbo za ngoma ndi m'zitamando za pa Nc'wala. Ku mbiya kunacitika cimodzimodzi: miphika ya m'midzi ya Angoni a kuno ndi ya kaumbidwe ka Luangwa komweko. Impi inapambana pabwalo, koma kuseri kwa nyumba, pamene panali dothi ndi mafuwa, panapambana amai ogwidwa aja.

Cimene mkondo unalephera, sitolo inayamba kucikwanitsa pang'onopang'ono. Nkhondo ya mu January 1898 itatha ndipo Nsingo ataphedwa, azungu anamanga Fort Jameson mu 1899, tauni imene inadzakhala likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911. Msonkho wa nyumba unatuma amuna ku minda ya fodya, ku Southern Rhodesia, ku Joni, ndipo pambuyo pake ku migodi ya mkuwa. Wobwerako anali kunyamula bulangete, njinga, ndi mbale za citsulo zopaka utoto, ndipo mkazi wophikira m'poto anali kuoneka wotsogola. Masitolo a Mandala ndi a Amwenye, aja a ku Down Shops, anaika katundu yemweyo pafupi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 boma la atsamunda linakankhira anthu m'malo opatulidwa ocepa, midzi yambiri inasiya madambo ake akale, ndipo kumene inaunjikana mitengo inatha msanga. Woumba wocotsedwa pa mtapo wake amayambanso ngati mwana, cifukwa dothi lililonse lili ndi khalidwe lake.

Ufulu utabwera mu 1964, mpikisano unakula. Poto wa aluminiyamu ndi wopepuka, amawira msanga, ndipo akagwa amangopindika. Amisiri a m'makomboni anaphunzira kusungunula zitsulo zakale ndi kupanga mapoto ochipa. Cigubu ca malita 20 cinalanda nchito ya mtsuko pa njira ya ku citsime, ndipo palibe angadzudzule mai amene asankha cinthu cosasweka mwana akapunthwa. Mgolo unalanda nchito ya mbiya pofulula. Atsikana analowa sukulu ya belu, cinthu cimene tonse timaciyamikira, koma maola aja okhala pambali pa woumba anapita nao. Mabanja ambiri tsopano amamanga kumene kuli nchito, kutali ndi mudzi wa amake a mkazi. Unyolo uja wa agogo, mai ndi mwana unayamba kuduka mfundo imodzi imodzi, popanda tsiku limene tinganene kuti unadukira apa.

Komabe mphika sunafe, ndipo zifukwa zake n'zooneka. Mtsuko umatuluka thukuta: madzi pang'ono amadutsa m'timabowo ta dothi, nauma ndi mphepo, natenga kutentha kupita nako. Mu October, magetsi atathima, madzi a mumtsuko amakhala ozizira pamene a m'cigubu ali ngati osamba. Nyemba ndi nyama ya nkhuku ya kumudzi zimapsa mofatsa m'dothi, cifukwa limasunga moto ndi kuugawa mofanana. Ndiwo za cidulo, monga therere, zimadetsa ndi kudya poto wa aluminiyamu, koma mphika wa dothi suziopa. Asing'anga afunabe mphika, a maluwa m'tauni afuna miphika yobzalamo, ndipo pa miyambo ya makolo palibe amabwera ndi cigubu pamene pafunika mbiya.

Kwa anansi athu ku Malawi tiona njira ziwiri zimene luso la dothi lapezera moyo watsopano. Ya kuyamba ndi ya Dedza Pottery, imene inayamba mu 1987. Kumeneko kuli gudumu, kuli uvuni wotentha kuposa moto wa pabwalo, kuli mankhwala opaka amene amasanduka galasi, ndipo makapu ndi mbale zao zimagulidwa ndi alendo a maiko akutali. Anthu ambiri a m'deralo anaphunzira nchito pomwepo. Ya ciwiri ndi ya mbaula ya dothi yochedwa Chitetezo Mbaula, imene magulu a m'midzi, makamaka a azimai, amaumba ndi kuocha pamodzi, ndipo imadya nkhuni zocepa kuposa mafuwa atatu. Njira ya ciwiriyi ili pafupi kwambiri ndi sukulu yathu yakale: dothi la pafupi, manja ambiri, tsiku limodzi loocha, wodziwa kutsogolo ndi wophunzira pambali. Zonsezi zili ulendo wa tsiku limodzi kucokera pa Mwami.

Masiku ano m'mizinda ikuluikulu ya dziko lapansi anthu amalipira ndalama kuti akhale madzulo m'nyumba younjikamo dothi, kuphunzira kuumba pamodzi ndi anzao, kubwerekana zida ndi kudikira uvuni umodzi. Amati zimapumitsa mtima. Tikamva zimenezi tisaganize kuti ndi nzeru yacilendo yofunika kuitanitsa. Malo ophunzirira kuumba pagulu tinali nao pansi pa mtengo wa mango ndi kuseri kwa nkhokwe, ndipo asanabwere mango tinali nao pansi pa mkuyu. Ngati gulu la azimai, chalichi, sukulu kapena acinyamata a mu Chipata afuna kutsegula malo otere, mbiri iyi iwauza poyambira. Aphunzitsi alipo kale m'midzi ya kwa Mpezeni, kwa Gawa Undi ndi kwa Kalindawalo. Aitanidwe ndi ulemu, alipidwe ngati aphunzitsi, ndipo akhale patsogolo gudumu ndi uvuni zisanafike. Anyakwawa ateteze maenje a mtapo kuti asathere ku njerwa ndi madimba. Maina a miphika, a zida ndi a mitengo ya makungwa alembedwe m'Cicewa, m'Cinsenga ndi m'Citumbuka eni ake akali kuyankha. Anyamata nao aloledwe, popeza kumadzulo kwa dziko lathu lomweli amuna akhala akuumba kuyambira kale.

Cofunika kufulumira n'cakuti luso ili silikhala m'buku. Phale la ku Kamnama lingatiuze maonekedwe a mphika, koma silingatiuze kuti dothi lakanyika liti, kapena kuti moto wakwana liti. Zimenezo zimadziwika ndi zala, ndipo zala zimaphunzira kwa zala zinzake. Woumba mmodzi akamwalira wopanda womutengera, mudzi umataya kudziwa kumene kuli dothi labwino, ndipo dzenje limamera udzu. Akulu anati m'mera mpoyamba. Cilimwe cikubweraci, amene tili ndi agogo kapena azakhali odziwa kuumba tiwatumizire ana pa holide, tiwagulire nkhuni, ndipo tiwapemphe kuti ulendo wa ku mtapo asapite okha.